Body lift kapena suspension lift pa Hilux yopita ku Usisya?

Bambo a Tadala, Chibavi

Moni nonse. Ndabwera ndi nkhani yomwe yandisowetsa tulo masabata awiri tsopano, ndipo ndisanatulutse ndalama ndati ndiyambe ndamva kwa inu amene mumagwira zitsulo tsiku ndi tsiku.

Ndili ndi Toyota Hilux Vigo ya 2010, ya kabu imodzi, 4x4, injini ya dizilo ya 2.5 ija amati 2KD. Ndinaigula mu 2019 itayenda kale ndithu, ndipo ndi imene ikudyetsa banja langa ndi kulipirira ana atatu sukulu. Kawiri pa sabata ndimatsetsereka ku Usisya. Popita ndimanyamula katundu wa eni magolosale a kunyanjako: simenti, shuga, mchere, mafuta ophikira, makuleti a zakumwa, nthawi zina malata. Pobwera ndimakweza matumba a usipa wouma omwe ndimadzagulitsa kwa amayi a mumsika waukulu wa Mzuzu ndi ku Zigwagwa. Usipa sulemera ngati simenti koma umadya malo, ndiye matumba amasanjikizana mpaka kupitirira denga la kabu.

Amene munayendako msewu umenewu mukudziwa. M'chilimwe ndi fumbi ndi miyala, munthu umapirira. Koma mvula ikangokhazikika, malole amakumba ngalande ziwiri modutsa matayala, pakati n'kutsala mtumbira wautali ngati mzere wa mbatata. Mu February chaka chino galimoto inakhalira mtumbira woterowo pamimba, matayala onse anayi akungozungulira osagwira nthaka. Inali 4 koloko madzulo, mvula ikugwa. Anthu a m'mudzi wapafupi anabwera ndi makasu, Mulungu awadalitse, koma tinatuluka kutada kale ndipo madzi anali atalowa pansi pa lona. Matumba 6 a usipa ananyowa. Ndinawagulitsa motaya kwa oweta nkhuku, phindu la mwezi wonse n'kuthera pomwepo.

Chichitikireni zimenezi ndakhala ndikufunsafunsa za kukweza galimotoyi, ndipo anthu awiri andiuza zosiyana. Mnyamata wina wa pagalaja ina kuno akuti tichite body lift ya mamilimita 50. Akuti timabuloko toika pakati pa bodi ndi chasisi atha kutisula konkuno pamakina, mabawuti aatali tigula m'tauni, ntchito ya tsiku limodzi. Mtengo wake ndingaukwanitse mawa lomwe. Wachiwiri ndi mkulu amene amaitanitsa zipangizo ku Johannesburg. Iyeyu akuti ndiiwale za timabuloko, ndigule suspension lift yathunthu, masipuling'i ndi mashoko onse anayi, ya Ironman 4x4 kapena Old Man Emu. Mtengo umene wanditchulira ndi pafupifupi kasanu wa woyamba uja, ndipo akuti ndidikire mwezi ndi theka. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 chilichonse chochokera kunja chikuluma, moti ndalama imeneyi ndiyenera kukabwereka ku banki m'khonde ya mayi a kunyumba. N'chifukwa chake sindikufuna kulakwitsa.

Sindikufuna galimoto yoti anthu azicheukira pa Katoto. Ndikufuna yoti itsike ku Usisya mu January itasenza simenti, n'kubwerako ndi usipa wouma tsiku lomwelo. Pa ziwirizi, n'chiti chingandichotse pa mtumbira uja? Ndipo ngati body lift ingathandizeko ngakhale theka, kodi si bwino kuyamba ndi imeneyo? Matayala amene alipo panopa ndi 205R16C, omwe anabwera nayo.

Mmisiri wa ku Luwinga

Bambo a Tadala, pepani ndi za usipa. Ine ndagwira umakaniko zaka 22, zambiri mwa izo ndili chagada pansi pa ma Hilux ndi ma Land Cruiser. Musanagule chilichonse, tsukani galimoto kunsi, muyale katoni, mulowe ndi tochi, muone pamene pali zipsera zonyezimira. Chitsulo chimene chakhala chikukhula pansi chimadziulula chokha. Mukatiuza malo ake, theka la funso lanu layankhidwa.

Galimoto ngati yanu ili ndi zigawo zitatu zosanjikizana. Pansi pali matayala ndi ekiselo. Pakati pali chasisi, yomwe yanyamula injini, giyabokosi, transfer case (imene imagawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo) ndi thanki ya mafuta. Pamwamba pali bodi, ndiye kuti kabu ndi bokosi lakumbuyo, zomangidwa pa chasisi ndi mabawuti odutsa m'mabushu a labala. Body lift imakweza gawo lapamwamba lokhalo. Sampu, giyabokosi, thanki, chitsulo chopingasa chija chili pansi pa giyabokosi, zonsezi zimatsala pomwe zinali, osakwera ngakhale milimita imodzi. Mukanakhala ndi body lift tsiku lija la mu February mukanakodwa chimodzimodzi. Ntchito yake yeniyeni ndi imodzi, kutsegula malo m'madigadi kuti tayala lalikulu lilowe osakhula.

Ndipo si ntchito ya tsiku limodzi ngati munthu akuichita moyenera. Mukanyamula kabu, chilichonse cholumikiza kabu ndi chasisi chimakokedwa. Shafuti ya chiwongolero imafupika, imafuna cholumikizira. Rediyeta imakwera pamodzi ndi bodi pomwe fani yatsala pa injini, ndiye mapiko a fani amayamba kumenya chophimba chake cha pulasitiki. Mapaipi a mabuleki amachokera pa kabu kutsikira pa chasisi, nawo amakungika. Onjezani chingwe cha handibuleki, paipi yothirira mafuta, mawaya a eti, ndodo za giya zimene zimamira n'kuyamba kugunda pansi pa kabu mukamaika low range (giya zamphamvu zoyendera pang'onopang'ono), ndi bampala imene imatsala m'munsi. Mnyamata uja ngati sanakutchulireni zimenezi, mufunseni kuti achita nazo bwanji, makamaka chiwongolero. Ndinakonzapo galimoto ina imene anaiwotcherera kachitsulo pa shafuti ya chiwongolero kuti italike. Mwini wake anali ndi mwayi kuti inathyokera pageti la nyumba yake, osati pa Chiweta.

Suspension lift imakweza chasisi ndi zonse zimene zili pa iyo. Mimba imachoka pansi, mphuno sigunda msanga potsikira mumtsinje, ndipo kumbuyo sikukoka dothi potuluka. Koma nayonso ili ndi malire ake awiri amene ogulitsa satchula kawirikawiri. Difu yakumbuyo, chibumpha chija chogawa mphamvu ku matayala awiri, ili pa ekiselo, ekiselo ili pa matayala, ndiye mungakweze masipuling'i bwanji, difuyo imakhalabe pomwe inali. Chimene chimaikweza ndi tayala lalitali basi. Malire achiwiri ali kutsogolo. Vigo ilibe ekiselo yathunthu kutsogolo ngati Land Cruiser 79 kapena Hilux zakale za LN106. Tayala lililonse lili pa mikono yakeyake, difu yakutsogolo yamangidwa pa chasisi, ndipo mphamvu imafika ku matayala kudzera m'mashafuti okhala ndi mfundo zopindika zotchedwa ma CV. Mukakweza, ma CV amagwira ntchito atapendekeka. Mpaka mamilimita 40 kapena 50 amapirira. Kupitirira apo malabala ake amang'ambika, matope amalowa, mumayamba kumva kuti kwa-kwa-kwa pokhota, ndipo pamafunika kusintha mikono yam'mwamba ndi kutsitsa difu, ndalama zinanso. Mukangomaliza kukweza, alayimenti ndi tsiku lomwelo, apo ayi matayala akutsogolo adyeka mbali imodzi mwezi usanathe.

Koma ine ndikukayikira chinthu china. Galimoto ya 2010 imene yakhala ikusenza simenti pa msewu wa ku Usisya kuyambira 2019, masipuling'i ake akumbuyo ayenera kuti anagona kalekale. Mwina vuto loyamba si lakuti Toyota anaipanga yaifupi, koma kuti yafwa n'kutsika kuchoka pomwe inali. Tengani tepi, muimike galimoto pamalo osalala, muyeze kuchoka pakati penipeni pa limu kufika pamlomo wa madigadi, matayala onse anayi. Muyeze ili yopanda kanthu, mudzayezenso mutakweza katundu wa masiku onse. Muonenso mpata umene watsala pakati pa ekiselo ndi chasisi, pamene pali kalabala kaja koletsa kuti zisagundane. Mubwere nazo nambalazo.

Wamatabwa wa ku Chikangawa

Akulu a ku Luwinga anena zoona, koma body lift musaitaye kuthengo ngati ilibe ntchito. Ine ndili ndi Nissan Hardbody, ndimatuta matabwa m'tinjira ta m'nkhalango ya Chikangawa kubwera nawo ku Mzuzu, ndipo ndayenda ndi body lift ya mamilimita 40 zaka zinayi tsopano.

Chifukwa chake chinali ichi. Hardbody kutsogolo ili ndi torsion bar, ndodo yachitsulo yopotokola imene imagwira ntchito ya sipuling'i. Poyamba ndinangomangitsa mabawuti ake kuti mphuno ikwere, zimene anthu ambiri amachita chifukwa n'zaulere. Inakweradi, koma inauma gwa, bampu iliyonse inkafika m'msana, ndipo ma ball joint ndinasintha kawiri chaka chimodzi. Ndinabwezera pomwe zinali, n'kuika timabuloko pansi pa bodi kuti matayala a mainchesi 31 alowe. Matayalawo ndi amene anandichotsa pa zitsa ndi m'matope, osati timabulokoto. Komanso injini, giyabokosi ndi chasisi zimatsala m'munsi, ndiye galimoto siyendera mbali kwambiri pokhota ngati mmene imachitira ikakwezedwa yonse.

Ndinenenso zimene zinandiwawa. Ulendo woyamba anandiikira mabawuti wamba a m'hadiweya, osayang'ana nambala ya pamutu. Patatha miyezi itatu limodzi linaduka, kabu inayamba kulira ndi kusuntha ndikamaponda buleki. Mabawuti a ntchito imeneyi akhale olembedwa 8.8 kapena 10.9, ndipo timabuloko tikhale totakata mofanana ndi mabushu, osati tating'ono ngati chitsekero cha botolo. Fani nayo inadula chophimba chake, mnyamata wa pagalaja n'kungochichotsa chonse, injini n'kuyamba kutentha pa zitunda. Ndinachita kugula china n'kuchitsitsa bwinobwino.

Komabe pa inu, bambo a Tadala, ndikuona vuto limodzi. Pa pikiapu mukakweza kabu mumakwezanso bokosi, ndipo katundu wanu ali m'bokosimo. Ine matabwa ndimayala chogona, sapitirira mpanda. Inu matumba akupitirira denga. Ndiye ubwino uja ndanena, woti zolemera zimatsala pansi, kwa inu uchepa.

Anaphiri, dalaivala, Rumphi

Ndawerenga zonse ndipo za mabuleki sizinakambidwe mokwanira, pamene kwa ine nkhani yagona pamenepo. Ndayendetsa galimoto za ntchito zaka 11, kukwera ku Nyika kudzera pa Thazima mpaka Chelinda, ndi kutsika Gorodi kuchoka ku Livingstonia kupita ku Chitimba ndi makhota ake aja pafupifupi 20. Msewu wa ku Usisya ndinautsikapo kangapo. Kukodwa m'matope kumatayitsa katundu ndi tsiku. Kuthawidwa ndi mabuleki pamtsetse ngati umenewo kumasiya ana amasiye. Mzuzu ili pamtunda wa mamita opitirira 1,200, nyanja ili pansi pa mamita 500, ndipo inu mumatsika kusiyana konseko mutasenza simenti.

Ma Hilux ambiri a zaka zimenezo, makamaka opanda ABS, ali ndi kavalavu pa chasisi chakumbuyo, kolumikizidwa ku ekiselo ndi kandodo. Galimoto ikalemedwa chasisi imatsika, kandodoko kamakankha valavu, mabuleki akumbuyo n'kulandira mphamvu yambiri. Ikakhala yopanda kanthu valavu imachepetsa mphamvuyo kuti matayala akumbuyo asamangike n'kuyamba kutsetsereka. Mukakweza masipuling'i osasuntha polumikizira kandodoko, valavu imaona ngati galimoto ilibe katundu ngakhale mutakweza matumba 15. Ntchito yonse imagwera mabuleki akutsogolo, amatentha, amanunkha, kenaka phazi limangolowa. Zinandichitikira potsika Gorodi ndi galimoto imene inali itangochoka kokwezedwa. Ndinaima ndi giya yoyamba ndi handibuleki, miyendo ikunjenjemera, ndili ndi anthu anayi m'kati. Kukonza kwake kunali kachitsulo kamodzi kokweza polumikizira paja mofanana ndi mmene galimoto yakwerera. Aliyense amene adzagwire galimoto yanu mumuonetse valavuyo ndi chala chanu.

China, galimoto ikakwera, kaya ndi njira iti, katundu wam'mwamba amaikoka kwambiri pamalo opendekeka. Matumba a usipa muzisanja mosapitirira kwambiri denga, olemera pansi ndiponso kutsogolo kwa bokosi, zingwe zikoke chopingasa. Magetsi akutsogolo muwaongolenso, chifukwa akayang'ana m'mwamba mumathobwa anzanu pa M1. Pa COF, poyeza ngati galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, a Road Traffic amayang'ana mabuleki, chiwongolero, magetsi ndi matayala, ndiye zonsezi zikhale m'malo mwake. A inshuwalansi anu muwadziwitsenso mwa kalata kuti mwasintha zinazake, kuti pasadzakhale kukanirana tsiku la tsoka.

Bambo a Tadala, Chibavi

Zikomo kwambiri nonse, makamaka mayi Anaphiri. Kavalavu kameneko ndakapeza, kalipodi, ndipo zaka zonsezi sindinkadziwa ntchito yake.

Akulu a ku Luwinga, ndachita zimene munanena. Dzulo m'mawa ndinatsukitsa galimoto n'kulowa pansi ndi mwana wanga wamkulu atagwira tochi. Zipsera zili malo atatu. Chitsulo chopingasa cha pansi pa giyabokosi chanyezimira ndipo chapindikira m'kati pang'ono. Chitetezo cha thanki ya mafuta chaphwanyika pakona. Ndipo pansi pa difu yakumbuyo pasalala ngati mphika wokwecha ndi mchenga, mpaka bawuti lotulutsira oyilo ladyeka m'mbali.

Poyeza, kutsogolo mbali ziwiri zasiyana ndi mamilimita 5 okha. Kumbuyo kumanzere n'kotsika ndi mamilimita 25 poyerekeza ndi kumanja, galimoto ili yopanda kanthu. Masana ndinakweza matumba 15 a simenti, ndiye makilogalamu 750, amene ndi katundu wanga wa masiku ambiri. Kumanzere galimoto inakhala pa kalabala kaja, mpata palibe. Kumanja kunatsala mpata wolowa chala chimodzi. Masipuling'i anaongoka, akumanzere mpaka kupindikira chakumwamba. Titayang'anitsitsa tinapeza kuti tsamba lachitatu la kumanzere ndi lothyoka pafupi ndi bawuti lapakati, ndipo pothyokapo pachita dzimbiri, kusonyeza kuti si za dzulo. Mtima unandiwawa, chifukwa ndakhala ndikutsika nayo chonchi, nthawi zina ndi amayi ogula usipa atakhala pamwamba pa katundu.

Ndiye panopa ndichite chiyani? Ndalama ya kiti yonse nthawi imodzi ndilibe.

Mmisiri wa ku Luwinga

Mwachita bwino kulowa pansi nokha. Choyamba, simenti isakwerenso pa galimotoyo mpaka tsamba limenelo litasinthidwa. Likathyoka lalikulu lam'mwamba, ekiselo imasuntha n'kubwerera m'mbuyo, galimoto imakhota yokha.

Zipsera zanu zikunena mavuto awiri. Chitsulo chopingasa ndi thanki zikukhula chifukwa chasisi yatsika, ndipo mankhwala ake ndi masipuling'i. Difu ikukhula chifukwa ngalande za malole n'zakuya kuposa matayala anu, ndipo mankhwala ake ndi matayala. Body lift sikukhudza lililonse mwa awiriwa.

Poti ndalama ndi yochepa, yambani kumbuyo. Gulani masipuling'i awiri athunthu opangidwira galimoto yokhala ndi katundu nthawi zonse. Opanga ngati Old Man Emu, Ironman 4x4 ndi Dobinsons amagulitsa masipuling'i awo motsata kulemera kumene galimoto imayenda nako tsiku ndi tsiku, ndiye mkulu wa ku Johannesburg uja mumuuze makilogalamu enieni, asakugulireni ofewa opangidwira anthu okacheza kutchire. Olimbawo amagogoda galimoto ikakhala yopanda kanthu, koma yanu siyenda yopanda kanthu. Pamodzi ndi masipuling'i mugule mashoko akumbuyo aatali mogwirizana nawo, mabushu, ndi ma U-bolt (omangira masipuling'i pa ekiselo) atsopano. Ma U-bolt akale sabwezeredwa, amakhala atatanuka kale, ndipo atsopanowo mudzawamangitsenso mukayenda ulendo umodzi kapena iwiri. Kutsogolo, poti sikunagone, kungadikire miyezi ingapo, ngakhale galimoto izioneka yoweramira kutsogolo ikakhala yopanda katundu. Mukadzapeza ndalama mudzaike makoyilo ndi mashoko okweza mamilimita 40, osapitirira 50.

Pali njira zotchipa zimene akuuzeni, ndiye ndinene maganizo anga. Kuwonjezera tsamba limodzi mbali iliyonse ndi kusintha lothyokalo kungakudutsitseni nyengo imodzi ya mvula podikira katundu, ndipo ndimachitira anthu ambiri. Kupinda masamba akale ndi hamala kumakweza galimoto miyezi yochepa, kenaka imagonanso. Kuwaotcha ndi gasi musalole n'komwe, chitsulo chimataya mphamvu yake. Timabuloko toika pakati pa ekiselo ndi sipuling'i nato ayi pa galimoto yosenza simenti, chifukwa pokwera chitunda ekiselo imapotokola sipuling'i ndipo timabulokoto timawonjezera kupotokolako.

Za matayala, tiyeni tiwerenge. Tayala la 205R16 ndi lalitali pafupifupi mamilimita 735. La 245/75R16 ndi 774, ndiye difu ikwera theka la kusiyanako, pafupifupi mamilimita 20. La 235/85R16 ndi 806 ndipo la 265/75R16 ndi 804, onsewa akweza difu ndi mamilimita 35. Pa awiri omalizawa ine ndimakonda 235/85R16 pa ntchito ngati yanu. Ndi lowonda, limadula matope n'kukagwira nthaka yolimba pansi, sililemera ngati lotakata lija, ndipo limalowa pa limu la mainchesi 6 m'lifupi. Koma kutsogolo kusanakwere likhoza kukhula pa madifulapu ndi pakona ya kabu mukakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, ndiye muyese limodzi musanalipire onse.

Dziwaninso mtengo wake wobisika. Tayala lalitali ndi gawo limodzi mwa magawo 10 limachotsa mphamvu yokokera ndi mlingo womwewo. 2KD itasenza katundu idzafuna giya yotsikirapo pa zitunda zimene panopa imakwera ndi yachiwiri, dizilo adzakwera pang'ono, mabuleki adzagwira ntchito yambiri, ndipo potsika injini sidzagwira galimoto mwamphamvu ngati kale, ndiye low range muziika msanga. Sipidomita ikamati 80 mudzakhala mukuthamanga pafupifupi 88, mukumbukire zimenezi podutsa pa Ekwendeni ndi malo ena a apolisi. Ngati mukuona kuti injini yanu yatopa kale, 245/75R16 ndi pakati pabwino. Mugule asanu ofanana, chifukwa pa 4x4 sipeya yaifupi imavutitsa transfer case, ndipo muone ngati sipeyayo ikulowa m'malo mwake pansi pa bokosi.

Chomaliza, masipuling'i olimba sasintha ekiselo, mabering'i kapena mabuleki. Kulemera kumene Toyota analemba pa kapuleti ka galimoto yanu kudakali komweko. Anthu ambiri akaona kuti galimoto sikugonanso amawonjezera matumba asanu, kenaka amabwera kwa ine ndi ekiselo yopindika.

Wamatabwa wa ku Chikangawa

Pa zimene mwapezazi nanenso ndikuti masipuling'i ayambe. Ndingowonjezera kuti pansi pa thanki ndi giyabokosi muikitse chitsulo choteteza cha mamilimita 3 kapena 4, chomangidwa ndi mabawuti, osati chowotcherera pa chasisi. Chimenecho ndiye amisiri a ku Luwinga amapanga bwino ndipo sichidikira Johannesburg.

Bambo a Tadala, Chibavi

Ndakhala pansi ndi mayi a kunyumba usiku wathawu, ndinawawerengera zonse zimene mwalemba, ndipo tagwirizana. Body lift ndaisiya. Mnyamata uja ndamuuza mwaulemu, ndipo nditamufunsa za shafuti ya chiwongolero anavomera kuti ankaganiza zowotcherera.

Loweruka ndikusintha tsamba lothyoka ndi kuwonjezera limodzi mbali iliyonse, pamodzi ndi ma U-bolt atsopano, kuti ntchito isaime. Ku banki m'khonde tibwereka ya masipuling'i awiri akumbuyo, mashoko ndi mabushu okha, imene ndi pafupifupi theka la mtengo uja unandiopsa poyamba. Mkulu woitanitsa katundu ndamutumizira kale kulemera kwa katundu wanga ndi chithunzi cha kapuleti ka galimoto, akuti ayankha Lolemba. Matayala anga atsala ndi miyezi itatu kapena inayi, ndiye akatha ndidzayesa 235/85R16 limodzi kutsogolo monga mwanenera, likakhula ndidzatenga 245/75R16. Zakutsogolo ndidzaona usipa ukayenda bwino chaka chino.

Mayi Anaphiri, mawu anu a kavalavu ndawalemba papepala ndipo ali m'kabati ya galimoto. Tsiku loika masipuling'i ndidzaima pomwepo mpaka ndione kachitsuloko kataikidwa. Amayi okwera pamwamba pa katundu ndawauzanso kuti zimenezo zatha, ngakhale awiri andidandaulira chifukwa galimoto zopita kunyanjako n'zosowa. Ndiwatenga m'kabu mmodzi mmodzi mosinthana.

Akulu a ku Luwinga, funso limodzi lotsala. Bawuti lotulutsira oyilo wa difu lija ladyeka moti sipanala sikugwira. Kodi ndilisiye mpaka tsiku la masipuling'i, kapena ndilichotseretu Lowerukali n'kusintha oyiloyo, poti galimoto inakhala m'madzi a matope maola angapo mu February? Ulendo wa Lachinayi ndauza kale eni magolosale kuti simenti sindinyamula, nditenga shuga, mchere ndi mafuta ophikira basi.